Funso Lachisanu ndi Chiwiri pa Viphya

Ndinanyamuka pa depoti ya mabasi ku Lilongwe Lachiwiri m'mamawa, mvula itangotsala pang'ono kusiya, zaka zija za Chitaganya. Ndinali ndi sutikesi ya malata, yunifolomu ziwiri zosita bwino, sizasi wanga wa unamwino, ndi kope labuluu limene ndinalisunga pachifuwa ngati mwana.

Ndinali ndi zaka makumi awiri. Nditatha zaka ziwiri pa sukulu ya anamwino ya mishoni, ananditumiza ku chipatala cha masisitere ku Mzuzu kukaphunzira uzamba. Lamulo linali lakuti ukafika uyambe wayesedwa Chitumbuka, popeza odwala a kumeneko amalankhula chimenecho. Ine ndinali nditagwa kale kamodzi pa mayeso a mafupa, ndipo wogwa kawiri ankangomuuza kuti amange katundu. Choopsa kwambiri n'chakuti bambo anga, mkulu wa mpingo kwathu ku Dowa, anali atalengeza kale m'tchalitchi kuti mwana wawo ndi namwino, anthu n'kuwomba m'manja. Ndikanabwerera ndi nkhope yanji?

Chitumbukacho tinkaphunzira Lachisanu masana, mutu utatupa kale ndi mayina a Chilatini a mafupa ndi mitsempha. Anatipatsa mafunso makumi atatu ofunsa wodwala, ife n'kumawaimba pamodzi ngati ana a Sabu A. Mukumva bwanji, pakupweteka ndi pati, zinayamba liti, choncho mpaka kumapeto. Pa zimenezi palibe ankandiposa. Ukanandidzutsa kutulo n'kunena kuti "funso la khumi ndi chinayi," ndikanaliyankha maso ali chitsinzire.

Tikiti yofika ku Mzimba inali mashiling'i khumi ndi asanu. Kutsogolo kwa basi kunali mipando ya khushoni yomwe ife sitinkaloledwa kukhalapo, ndipo tsiku limenelo inayenda yopanda munthu, ife tili mothithikana pa mabenchi a matabwa kumbuyo pamodzi ndi nkhuku. Pa Mponela ndinagula mbatata yootcha. Ku Kasungu tinafika dzuwa lili paliwombo, tonse titafiira ndi fumbi, moti mayi amene ndinakhala naye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ukakafika ukasambe kaye, angakuyese wodwala m'malo mwa nesi."

Kupitirira Jenda, Chichewa chinayamba kutsika basi pang'onopang'ono. Aliyense wokwera ankabwera ndi "Monire," ndipo pofika ku Mzimba dzuwa likulowa, ndinali ngati ndatsala ndekha. Pa nyumba yogona alendo panali mayi wogulitsa tiyi ndi masikono, amene ankatsokomola kwambiri. Ndinati apa ndiye poyesera mpeni. Ndinamufunsa funso loyamba mwaulemu wake wonse:

"Mama, mukupulika uli?"

Nkhope yake inawala. Anaika ketulo pansi n'kuyamba kufotokoza, akuloza pachifuwa, pamsana, kenako kumapiri. Analankhula mpaka tiyi wanga anazizira. Ine ndinkangogwedeza mutu, ndipo atatha ndinati, "Yewo chomene." Sindinamvepo kanthu ngakhale liwu limodzi. Ndinadzinamiza kuti n'kutopa, ndinakagona.

Lachitatu basi ya ku Mzuzu inali itafa. Cha m'ma eyiti tinakwera lole ya mwini sitolo wina, yonyamula matumba a mchere ndi shuga, mashiling'i anayi munthu aliyense. Pamwamba pa matumbapo tinalipo khumi. Mmodzi anali Bambo Mhango, kalaliki wa boma wokhala ku Chibanja mu Mzuzu, atavala jekete, tayi ndi chipewa, nyuzipepala ili m'khwapa. Iwo okha ndiwo ankadziwa Chichewa pakati pa onsewo.

"Mukupita kukakhala nesi? Very good, mama. Koma kuzizira kwa kwathu mukakumva chomene," anatero.

Pambali panga panali mayi wapakati wotopa kale, dzina lake NyaChirwa, ndi mlamu wake wamkazi. Bambo Mhango anandiuza motsitsa mawu kuti mwamuna wa mayiyo amagwira ntchito ku minda ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung'i ndipo amakhala ku Msongwe kufupi ndi Mzuzu, tsono mayiyo akupita kukadikirira pafupi ndi chipatala.

Za Viphya ndinali nditangomva. Sindinkadziwa kuti m'dziko lathu lomweli muli malo amene ungayende maola atatu osaona mudzi, munda, ngakhale mbuzi. Mapiri a udzu okhaokha, apa ndi apo timitengo ta paini tongodzalidwa kumene, ndi nkhungu yoti ukatambasula dzanja zala zimazimirira. Mano anga ankangogundana. Ndinatulutsa kope kuti ndibwereze mafunso, koma zala zinakana kutsegula masamba.

Cha m'ma thwelofu, pa chitsikiro china, lole inatitimira m'matope mpaka m'mimba. Amuna anatsika kukadula nthambi. Apo m'pamene NyaChirwa anandigwira mkono mwamphamvu, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona kuti thumba la mchere lanyowa. Matenda anali atayamba.

Mlamu wake anafuula mawu angapo, ndipo zimene zinachitika zinandidabwitsa. Amuna onse, dalaivala yemwe, anataya nthambi n'kulowera m'nkhungu osacheuka. Kwathunso mwamuna sayandikira chikuta, koma sindinaganize kuti mwambowo ungagwire ntchito ngakhale pamwamba pa phiri popanda nyumba. Tinamutsitsa mayiyo, tinayala zitenje paudzu, amayi ena awiri anagwira nsalu kutchinga mphepo. Kenako onse anatembenukira kwa ine. Bambo Mhango anali atawauza kale kuti ndine nesi.

Ndinali nditaonerera amayi asanu akuchira, koma nditaima kumbuyo kwa mzamba, nditagwira beseni. Ndinasamba m'manja ndi madzi a m'chigubu cha dalaivala, n'kuyamba zimene ndinkadziwa: funso loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mafunso ankatuluka osapunthwa, mayankho ankabwera ambirimbiri, ndipo onse ankangondidutsa. Ndinafika pa lachisanu ndi chiwiri, limene ndinkalidalira chifukwa yankho lake ndi nambala, ndipo manambala ndinali nditawaloweza.

"Muli na ŵana ŵalinga?"

Muli ndi ana angati, basi. Ndinatchera khutu kudikira nambala. NyaChirwa sanatchule nambala. Anayamba kulira, akulankhula mofulumira, akundikoka malaya, akubwereza mawu omwewo kawiri, katatu. Mlamu wake nayenso analowerera. Ndinaona m'maso mwawo kuti akundiuza chinthu chachikulu, chinthu choti ndichite, ndipo akukhulupirira kuti ndamva chifukwa ndafunsa bwino.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Miyezi isanu ndi umodzi tinaphunzira kufunsa kokha. Palibe tsiku limodzi limene wina anatiyankha. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa ndithu, phulalo n'kudyabe.

Ndinathamangira m'nkhungu ndikuitana Bambo Mhango. Ndinawapeza kuseri kwa chulu, atabisa nkhope m'nyuzipepala.

"Bambo, tiyeni mukandimasulire."

"Yayi, mama! Ine ndine mwanalume. Izo n'za azimayi. Anthu akamva ku ofesi ndidzayenda bwanji?"

"Simukaona kanthu. Mukaime chofulatira."

"Koma makutu, mama, makutu nawonso saloledwa."

Ndinawagwadira m'matope momwemo. Sindikudziwa ngati anamvera chisoni ine kapena mayi uja, koma anabwera. Anaima kumbuyo kwa lole atatifulatira, chipewa atachitsitsira kumaso, ngati munthu amene akudikira kuwomberedwa. Mlamu uja anafuula mawu aja, ine n'kudikira.

"Akuti... zinthu m'mbuyomu sizinayende bwino kwenikweni," anatero Bambo Mhango.

"Sizinayende bwanji?"

"Akuti panali mavuto pang'ono."

Ine, mwana wa mkulu wa mpingo, amene ndinali ndisanakwezepo mawu kwa munthu wamkulu chibadwire, ndinakalipira kalaliki wa boma pamaso pa anthu.

"Bambo, siyani ulemuwo! Nenani monga anenera, munthu angafe pano!"

Kenako anamasulira zonse.

"Akuti wabereka kawiri. Onse awiri anabadwa chingwe cha mchombo chitazinga m'khosi, ndipo sanalire. Alibe mwana. Akuti chonde muyang'ane m'khosi."

Kanthawi konseko mayiyo ankandipempha chinthu chimodzi chokha, ine ndikugwedeza mutu ngati mmene ndinachitira ndi wa tiyi uja. Za chingwecho tinaphunzira, zinali m'buku, koma ndi mantha amene ndinali nawo sindikhulupirira kuti ndikanazikumbukira pa nthawi yake.

Mutu utatuluka ndinauza Bambo Mhango kuti amuuze asiye kukankha, apume ndi pakamwa. Ulendo uno anafuula mosazungulira. Ndinalowetsa chala m'khosi mwa mwana, ndipo chingwe chinalipodi. Ndinachikoka pang'onopang'ono n'kuchidutsitsa pamutu. Mwana anatuluka, wamkazi, wofooka, wosalira. Ndinamupukuta m'kamwa, ndinamutikita pamsana ndi epuloni ya yunifolomu yanga yosita ija, ndikupemphera m'Chichewa chakwathu. NyaChirwa anali atatembenuzira kale nkhope kumbali, osafuna kuona kachitatu.

Kenako kamwana kanayetsemula. Kanalira kulira kwaukali, amayi aja n'kululutira mpaka amuna anamva kuchulu kuja. Ndinamanga mchombo ndi zingwe za epuloni, n'kudula ndi sizasi amene tinamuwiritsa m'chitini cha dalaivala. Bambo Mhango anali chiimire chofulatira, mapewa akugwedezeka. Pambuyo pake anati chinali chimfine.

Lole inatuluka m'matope cha m'ma folo, ndipo amuna anakankha ndi mphamvu zachilendo. NyaChirwa ndi mwana anawaika kutsogolo kwa dalaivala. Tinalowa mu Mzuzu kukuwaza kamvula, dzuwa litapendeka. Ine ndinkayembekezera mzinda, koma ndinapeza mizere ya mitengo ya tung'i, nyumba zochepa za njerwa, masitolo owerengeka ndi matope ofiira. Pa chipata cha chipatala Bambo Mhango anandivulira chipewa.

"Yewo, nesi. Koma chonde, za lero zisamveke ku ofesi."

Mayeso anali Lachinayi m'mawa. Sisitere wamkulu, mzungu wamtali wa magalasi, anandikhazika mu ofesi mwake n'kuyamba kutchula manambala mosakaniza. Funso lachitatu, la makumi awiri, la khumi ndi chimodzi. Onse ndinawanena osaphonya. Anamwetulira, anatenga cholembera.

"Wakhoza bwino kwambiri, mwana wanga. Sitinalandirepo wotere."

Ndinangofunika kutseka pakamwa, bambo anga n'kupitiriza kuyenda chodzitukumula ku Dowa. Ndinayesa. Koma m'makutu mwanga munali mawu a NyaChirwa akubwereza kawiri, katatu.

"Sisitere, musalembe. Ine ndimatha kufunsa kokha. Akayankha sindimva kanthu."

Anachotsa magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawafotokozera zonse za pa Viphya, za kalaliki wofulatira, za chingwe. Nditatha anatseka buku osalembamo kanthu, ndipo ndinadziwa kuti sutikesi yanga ikwera lole yomwe ija.

"Tiye," anatero.

Ananditengera ku wodi ya amayi, mpaka pa bedi lakumapeto pafupi ndi zenera. NyaChirwa anali atakhala tsonga akuyamwitsa.

"Kuyambira lero, m'mawa uliwonse uzikhala muno, uzimvetsera amayiwa kufikira makutu atatseguka," anatero Sisitere. "Koma ndiyambe ndaona ngati makutuwo alipo. Umufunse funso limodzi. Ukamva yankho, ukhala. Funso lachisanu ndi chiwiri."

Sindikudziwa ngati anasankha dala. Ndinafuna kupempha lina lililonse, koma ndinangoyandikira bedi. Zaka zonse zimene ndakhala mzamba, ndaphunzitsa atsikana ambiri, ndipo aliyense ndimamuuza kuti kufunsa wodwala n'kosavuta, ntchito imayamba iye akatsegula pakamwa. Ndinaziphunzira pa bedi limenelo, manja ali kumbuyo.

"Mama," ndinatero, "muli na ŵana ŵalinga?"

NyaChirwa anandiyang'ana, kenako anayang'ana kamutu kali pabere pake. Ulendo uno sanalankhule zambiri.

"Yumoza," anatero.

"Wati chiyani?" anafunsa Sisitere.

Ndinangokweza chala chimodzi.