Kamwala pa Manda a Mwana Wanga

Anagogoda Lolemba m'mawa, mwezi wa Okutobala, chaka chimene mafakitale ankachotsa anthu ntchito. Apolisi awiri, kumbuyo kwawo aneba athu a ku Kanyama.

"Ba mdala, valani nsapato. Bakamba ati muika mankhwala ku manda."

Mwana wanga anabadwa mnyamata, koma anakula n'kukhala mkazi: chitenje, ntchito yoluka tsitsi, ndi dzina lodzisankhira lomwe ine ndinkakana kulitchula. M'nyengo yozizira anamupeza atafa m'ngalande kuseri kwa bala. Ndinamuzindikirira chitenjecho. Mpingo unakana kuimba pamaliro. Palibe anamangidwa.

Amene anandipepesa ndi mayi wina wokalamba, Myuda, yemwe ndinkamulondera sitolo ya nsalu. Anafunsa dzina la mwanayo, osati la ubatizo, koma lomwe anzake ankamuitana. Dzinalo ndinamubisira. Anati kwawo sanyamula maluwa popita kumanda. Umaikapo kamwala, kusonyeza kuti munthu anafika, n'kumutchula wakufayo dzina, poti aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Ndinayamba kupita kumanda Lamulungu lililonse. Miyala ndinkaika, koma dzina sindinkalitchula. Aneba anaiona miyalayo.

Kupolisi za ufiti zinatha msanga. Mkulu wawo ankafuna china.

"Uja ali mu manda, ni mwamuna olo ni mukazi? Kambani chabe ati enze mwamuna wofunta, wamisala, muyende ku nyumba."

Ndinakana. Ananditsekera. M'chitokosimo tinkagona mosinthana, ndowa inali imodzi. Anzanga akafunsa mlandu wanga ndinkati ndi wa kachasu, poopa zomwe akanandichita atadziwa. Za Lachitatu sindilemba zambiri. Khutu lamanzere silimvanso.

Lachisanu mkulu uja anandifunsanso funso lomwelo. Ndinati, "Ni mwana wanga mukazi, bwana," n'kutchula dzina lija, koyamba m'moyo wanga. Ndinadikira mbama.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chokani apa, mdala. Naimwe mwafunta."

Anandibwezera lamba ndi nsapato. Pabwalo la polisi ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, n'kutola kamwala. Kunyumba sindinadzereko.

Mpaka lero munthu akagogoda mtima umadumpha, ndipo amene anapha mwana wanga akuyendabe ku Kanyama. Ufulu womwe ndinatuluka nawo ndi wochepa. Ndikafika pamanda paja ndimaika kamwala, n'kumuitana mokweza, kuti ndidzimve ndi khutu latsalali.