Ndinamutcha Mfiti Chifukwa Sanalire Maliro

Ndinamutcha mfiti mpongozi wanga pamaso pa anthu, ndipo ndatopa nako kuisenza ndekha nkhaniyi. Inu owerenga, mvetserani kuti musadzapse ndi moto umene ndinapsa nawo ine.

Ndimakhala ku Nangongwe kuno ku Kafue. Mwana wanga Dalitso atabwera ndi Mutinta kuti ndiye mkazi wake, ndinakondwa, poti mtsikanayo sankayang'ana munthu kumaso. Ndinati waulemu ndi ameneyu. Koma pakamwa pake panalibe chivindikiro. Ukamufunsa ngati diresi yakukhala, ankakuyankha kuti ayi, yakuthina. Tsiku lina ndinakawachezera ndi njala yanga. Atandifunsa ngati andiphikire nshima, ndinati asavutike, monga timanenera tonsefe pofuna kuti atikakamize. Iye sanavutikedi! Ndinabwerera m'mimba mukulira, ndikumutukwana chamumtima.

Kenaka bambo a Dalitso anamwalira. Mukudziwa kuti kwathu kuno mzimayi amayambira pageti kulira. Mutinta analowa maso ali gwa. Azimayi atakweza maliro, iye anatseka makutu n'kuthawira kuseri kwa nyumba, kumene anakhala akutsuka mapoto mpaka tsiku loika. Chisoni chinandisandutsa chilombo. Ndinaimirira n'kunena kuti wosalira maliro amadziwa chimene chadya munthu. Anthu anawatola mawuwo. Pamsika anasiya kugula tomato wake, ana ankathawa akamuona. Dalitso anatenga banja lake n'kusamukira ku Lusaka osanditsanzika.

Patapita zaka anabwera yekha. Anati mwana wawo, mdzukulu wanga, anamupeza ndi vuto lotchedwa otizimu kuchipatala, ndipo madokotala anaona zomwezo mwa Mutinta, mayi a mwanayo. Anandifotokozera kuti si mwano kapena ufiti, ndi chibadwa chabe. Mutinta amamva mawu monga momwe wawanenera, phokoso limamulasa m'mutu, ndipo akagwidwa chisoni misozi siibwera, amangofuna chogwira. Anati pamaliro paja mkazi wake sanalawe chakudya.

Ndinakwera minibasi kukapepesa. Ndinayamba ndi kuzungulira, n'kumati zakale ndi zakale. Mutinta anandidula mosakwiya n'komwe, m'kalankhulidwe ka ku Lusaka momwe kupha amati kupaya.

"Amai, munakamba kuti ninapaya batate ba Dalitso. Sininabapaye. Nenze kubakonda, ndiye beve chabe benze kunimvela. Nakukhululukilani, koma ku Kafue sinizabwela."

Ndinasowa poika nkhope. Munthu amene ndinkati sadziwa kulankhula ndi amene ananena zoona, ine wodziwa mwambo ndikungozemba.

Ndayenda khomo ndi khomo kubweza mawu anga, miyendo mpaka kutupa. Anthu amangogwedeza mutu, ati mpongozi uja wandidyetsa mankhwala nanenso.

Inu owerenga, munthu akamalankhula kapena kumva chisoni mosiyana ndi inu, mufunseni musanamupatse dzina. Dzina loipa limalowa ndi pakamwa pamodzi, koma silichotsedwa ndi pakamwa pomwepo. Ine ndinazindikira mochedwa, ndipo mdzukulu wanga akukula osadziwa khomo la agogo ake.