Chaka Chimene Tinaumitsa Dziwe la Bwana

Dziwe la bwana silinali lokumba pansi ayi. Linkakhala pamwamba pa nthaka ngati nkhokwe yopanda denga, khoma lake la malata, ndipo m'kati mwake anayalamo chipulasitiki chochindikala cha buluu chimene chinkasunga madziwo. Ukayandikira masana kunkamveka fungo la ndere ndi pulasitiki yotentha. Munthu wamkulu khomalo linkamulekeza pachifuwa. Ine, wa zaka khumi, ndinkachita kukwera pa njerwa zimene akuluakulu anasanja panja pake kuti ndisuzumiremo.

Tinkakhala pa esiteti ya fodya kuseri kwa Mitundu, ife matenanti ochokera ku Phalombe. Dziwelo anagula ndi bwana woyamba, mkulu wina wa chipani chakale, kuti ana ake azisambiramo akabwera pa holide. Matipate italowa bwanayo anagulitsa esiteti n'kunyamula zonse, mpaka makwerero a dziwelo, koma dziwe lenilenilo linamukanika kusenza. Bwana watsopano ankakhala m'tauni ku Lilongwe. Nkhope yake sitinaionepo, tinkangoona kapitawo wake.

Mvula ya chaka chapitacho inali yoperewera, moti pofika Okutobala zitsime zapafupi zinali matope okhaokha. Pa esiteti panali mjigo wa injini, koma dizilo ankabwera Loweruka lokha, wokwanira kupopa tsiku limodzi. Ndiye kapitawo analamula kuti madzi azipopedwera m'dziwe muja, ndipo mabanja khumi ndi awiri tinkatunga m'menemo ndi makeni sabata yonse, kuthirira nazale. Amene simunakhalepo pa esiteti mumve bwino apa: tenanti wopanda mbande mvula ikagwa sapatsidwa munda, ndipo wopanda munda alibe nyumba. Woyang'anira dziwelo anasankhidwa abambo anga, poti sankamwa mowa ndipo ankasamala zinthu mpaka kutopetsa anzawo. Lamulo lawo linali limodzi, loti mwana asalowemo.

Tsiku lina kunali msonkhano wa chipani china cha ndale ku Mitundu. Kunamveka kuti kukagawidwa nsalu, ndiye akuluakulu onse anapita, ngakhale amene chipanicho ankachitukwana m'mawa ndi madzulo. Amayi anandisiyira ndowa yathu ya malata, yomangirira chingwe, kuti ndikaweruka kusukulu nditunge madzi otsukira mbale. Dzuwa tsiku limenelo linali loswa mtengo, mchenga ukuwotcha kumapazi. Ndinakwera pa njerwa zija, n'kuponyamo ndowa, n'kuviikamo mkono mpaka m'chigongono. Abale inu, madzi aja! Sindinama kuti ndinaterereka. Ndinavula diresi, kulikoleka pa malata, n'kulowa ndikudziwa bwinobwino chimene ndikuchita.

Madzi anandifika pachifuwa, ofunda pamwamba, ozizira m'miyendo. Pansi pankaterera ndi ndere. Kusambira sindinkadziwa, ndinkangoyenda mozungulira n'kumamenya madzi ndi manja, ndikuseka ndekha. Vuto linabwera potuluka. Njerwa zinali kunja, m'kati munalibe popondera, ndipo ndikati ndigwire khoma ndidzikweze, mapazi ankangotsetsereka. Kuitana ndinkaopa. Ndiye ndinadzaza ndowa ija madzi n'kuivundikira pansi, ine n'kukwera pamwamba pake. Ulendo woyamba inapendekeka, ndipo ndinamva ndi phazi langa mkombero wake ukudya chinthu chofewa pansipo. Wachiwiri ndinatuluka. Ndinakoka ndowa ndi chingwe, kuvala, kupita kukatsuka mbale ngati mwana wabwino.

Patapita masiku awiri nkhuku zinayamba kusonkhana mbali imodzi ya dziwe, pamene dothi linada ndi chinyontho. Abambo anatenga khala n'kulemba mzere pa pulasitiki madzulo anthu atatha kutunga, m'mawa n'kukayeza. Madzi ankatsika zala zitatu. Zala zitatu basi! Ndikaganiza lero mtima umandiwawa, chifukwa mvula inali itatsala masabata asanu okha, ndipo madzi otsalawo akanatikwanira. Akanangolisiya lizidontha. Koma abambo sanali munthu woona chinthu chikuwonongeka n'kugona tulo.

Mwambi wawo unali woti safunsa anadya phula, ndiye anafunsa. Ndipo chaka chimenecho, anthu atangomasuka pakamwa, aliyense anali katswiri. Wina anati thiranimo simenti ikadzipezera yokha pobowoka. Wina anati phula la pamsewu. Amayi ena achikulire anati tiphike phala la mgaiwa tikhuthuliremo, monga amachitira ndi mphika watsopano wadothi kuti usamachuche, ndipo sankaseka ayi. Abambo anamva kuti mkulu wina amene ankasamala dziwelo m'nthawi ya bwana woyamba akukhala ku Nathenje. Anabwereka njinga n'kupalasa mtunda wonsewo pa dzuwa lija, n'kukapeza kuti munthuyo anabwerera kwawo ku Mozambiki nkhondo itatha. Wokhoma zidebe wina kumeneko anawauza kuti chimenecho n'chotaya, amange thanki ya njerwa. Abambo atamufotokozera kapitawo zimenezi, iye anangoseka: "Bwana wotumiza dizilo wa tsiku limodzi, ameneyo amange thanki?"

Ine nthawi yonseyi za ndowa ija sindinaulule. Ndinkadya, ndinkapita kusukulu, koma ndikaona abambo akupita ndi khala lawo kudziwe ndinkazembera kuseri kwa nyumba.

Lamulungu kunabwera amalume, achimwene awo a amayi. Ndiwo anatiitana ku Phalombe n'kutipezera malo pa esitetipo, ndipo iwo ankamata machubu a njinga pamsika wa Mitundu. Anali munthu wa mawu okweza, wodziwadi ntchito yake. Anazungulira dziwe kamodzi, kugogoda malata, n'kunena kuti, "Alamu, ichi ndi chubu chachikulu basi. Koma chigamba sichigwira ponyowa. Liphwetseni, liume gwa masiku atatu, ine ndibwera ndi sulushoni." Abambo anayankha chapansipansi kuti pa zaka zonse zimene takhala pano sanaonepo dziwelo lopanda madzi, ngakhale miyezi imene ana a bwana kunalibe, ndiye mwina panali chifukwa chake. Amayi anawadula: "Inu mungadziwe zomata kuposa achimwene?" Kwathu mwamuna satsutsana ndi mwini mbumba pamaso pa ana, makamaka mwini mbumba amene anakupezera pokhala. Abambo anangoti, "Chabwino, alamu."

Amalume sindiwada. Zimene ananena zinali zoona pa chubu chilichonse chimene anagwirapo pamoyo wawo.

Lachiwiri tinaliphwetsa. Mabanja onse anathirira nazale kawiri, kudzaza migolo, mitsuko, miphika, mpaka mabeseni osambiramo ana. Otsala pansi tinakapa ndi mbale, amayi n'kupukuta ndi chiguduli. Kenaka tinalisiya padzuwa. Tsiku loyamba ndere zinauma n'kumasupuka. Tsiku lotsatira pulasitiki inayamba kuchoka m'munsi mwa khoma, kukokana, m'mbali monse kuli nga nga nga. Abambo anaikhudza n'kubweza dzanja chifukwa inkawotcha, ndipo ndinawaona ataima nthawi yaitali akuiyang'ana. Mtundu wake unali utayamba kutuwa.

Amalume anabwera Lachisanu ndi kabotolo kawo ndi chidutswa cha chubu cha galimoto. Pobowokapo anapapeza msanga. Panali pocheka motalika ngati chala, mokhota pang'ono. Ine ndinali pa njerwa ndikusuzumira, ndipo ndinamva amalume akuti, "Uku si kutha ayi, alamu. Chacheka apa ndi chitsulo." Abambo ananjuta n'kupayeza ndi chala. Amalume anapala, kupaka sulushoni, kuuzira, kumata, n'kupsinja ndi mwala. Chigamba chinali chokongola, zoona, ndipo anthu anawayamika. Amayi anawaphera nkhuku.

Loweruka dizilo anafika, injini inalira, esiteti yonse inabwera kudzaonerera. Madzi anakwera kufika m'kakolo, kenaka m'mawondo, chigamba chili phee, osadontha n'kamodzi komwe. Azimayi ena anayamba nthungululu. Tikumva, phwaa! Pulasitiki yokokana ija inalephera kubwerera kukhoma. Inang'ambika mbali ina, kutali ndi chigamba, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo madzi anatulukira pansi pa malata n'kukankha khoma mpaka linapindika. Anathamanga chotsetsereka n'kukakokolola mabedi anayi a nazale amene anali pafupi. Woyendetsa injini anachedwa kumva kukuwa kwathu. Pamene ankazimitsa, dizilo wambiri anali atapita.

Zaka zapitazi, pa sukulu ya mkaka pamene ndimagwira ntchito ku Lilongwe, anagula dziwe la mtundu womwewo, locheperapo, ndipo linabowoka. Mwana wanga wamkazi anati tifufuze pa foni. Sanatenge nthawi yoti madzi a tiyi n'kuwira. Anandiwerengera akumasulira: musaliphwetse, pulasitiki yakale ikakhala padzuwa yopanda madzi imakokana n'kuuma, chigamba chake amamata pansi pa madzi pomwepo, ndi guluu wogwira ponyowa, ngati likudontha pang'ono likhoza kudikira. Ndinamulanda foniyo, kuiyang'ana, n'kumubwezera. Abambo anapalasa njinga mpaka ku Nathenje kufuna mawu amenewa, mawu oti mwana akuwerenga uku akutafuna chingamu. Ndipo iwo anali atawaganiza kale okha, n'kuwameza chifukwa cha ulemu. Ndinakalowa m'chipinda chosungira matsache n'kulira, mayi wamkulu ndithu. Woti ndikamuuze panalibe: abambo, amayi ndi amalume, onse atatu anagona kale.

Tibwerere ku esiteti. Madzi a m'migolo anatha m'masiku awiri. Azimayi anayamba kulawirira kudambo lakutali, ulendo umodzi ndowa imodzi ya madzi amatope, pamene bedi limodzi linkafuna makeni angapo m'mawa ndi madzulo. Loweruka linalo injini inapopa, koma posungira panalibe, tinangodzaza zimene tinali nazo. Mbande zinayamba chikasu, kenaka kugona, kenaka kuuma kuyambira m'mphepete. Amayi khosi linatupa ndi kusenza. Anthu amene ankatipatsa moni m'mawa anayamba kuyang'ana kumbali, ndipo ana anzanga analetsedwa kudzasewera kwathu. Amalume sanaonekenso, akuti ntchito inachuluka pamsika.

Kapitawo anaitanitsa anthu onse m'chigafa chopanda fodya. Anati bwana akufuna dzina limodzi. Nkhani yoti chinacheka ndi chitsulo inali itafala, ndipo bambo wina anaimirira n'kunena kuti tsiku la nsalu lija ana anatsala okha, ndiye ana onse afunsidwe mmodzimmodzi ndi mkwapulo. Ine ndinabisala kumbuyo kwa amayi, mkodzo uli pafupi. Abambo anaimirira asanaitane mwana ndi mmodzi yemwe. Anati keni inawapulumuka potunga, iwo n'kuikoka ndi khasu, ndiye khasulo ndi limene linacheka. Kapitawo anafunsa kuti nanga anati liphwetsedwe ndani. Chigafa chonse chinkadziwa yankho lake. Abambo anati, "Ndine ndemwe, akapitawo." Amayi anaweramitsa mutu.

Anatipatsa sabata imodzi yoti tichoke pa esiteti. Mbande zathu zochepa zimene zinapulumuka anagawira mabanja amene mabedi awo anakokoloka. Abambo anakazizula okha, mosamala, ndi dothi lake, n'kukazipereka khomo ndi khomo. Kena kalikonse kamene tinali nako kanakwana m'matumba atatu a feteleza ndi mtolo wa mphasa.

Ndinene zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi: ine ndinasangalala. Sindinakwapulidwe, palibe anandiloza chala, ndipo tinkapita kukakwera basi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chikhalire ndi nzeru. Sindinkadziwa kuti ku Phalombe tinalibe munda, kuti n'chifukwa chake tinachokako, kapena kuti munthu wofika pamudzi mvula itayamba amadya kwa eni ake chaka chonse akuwerengeredwa mbamu. Sindinkadziwa kuti abambo adzatisiya kumeneko n'kupita kukathyola tiyi ku Mulanje, n'kumabwera kamodzi pa miyezi ingapo, ulendo uliwonse ataonda kuposa wapitawo.

Ngolo ya ng'ombe inatitula ku Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu. Kum'mawa mitambo inali itada, kamphepo kakubweretsa fungo la dothi lonyowa kuchokera kwina kumene inali itayamba kale kugwa. Amayi anakhala pa thumba atafunda chitenje kumutu. Abambo anaima chapatali pang'ono akuyang'ana mitamboyo. Ine ndinkawerenga magalimoto. Kenaka, mwa chibwana changa, ndinawakoka malaya n'kufunsa ngati kumudzi kulinso dziwe losambiramo.

Amayi anatembenuka msanga, dzanja lili m'mwamba. Abambo analigwira m'malere n'kulitsitsa pang'onopang'ono. Ananjuta mpaka nkhope yawo inafanana ndi yanga, n'kundipukuta fumbi pamphumi ndi chala chachikulu.

"Kuli mtsinje, mwana wanga," anatero. "Ndikakuphunzitsa kusambira bwinobwino, kuti usamafunenso chopondera potuluka."

Ine ndinadumphadumpha pamsewu paja, n'kuthamangira kukawauza amayi kuti kwathu kuli mtsinje. M'mawu onse aja ndinangomvamo mtsinje wokha.