Tsiku Limene a Bwerezani Anayankhira Mng'ono Wawo

Mvula yoyamba ikagwa, matabwa onse amafunika alowe m'shedi asanamwe madzi. Thabwa lonyowa limapindika, ndipo chitseko chake chimadzakana kutsekeka. A Bwerezani amaikonda nyengo imeneyi. Mvula ikamawomba pamalata aliyense amalankhula mokuwa, ndipo kwa kanthawi makutu a anthu onse amafanana.

Dzinali si la makolo. Anawapatsa ndi mng'ono wawo, chifukwa kasitomala akalankhula iwo ankati, "Bwerezani." M'tauni anafikamo ndi macheka ndi nyundo basi, n'kuyamba kukhoma mipando pansi pa mtengo. Shedi anamanga okha. Makina ochekera matabwa atabwera, iwo anaima pambali pake zaka zambiri osatseka m'makutu, mpaka kulira kwa makinawo kunakhazikika m'mutu, mawu a anthu n'kusamukamo. Mng'ono wawoyo anachita kumuitanitsa kumudzi, n'kumuphunzitsa kupala thabwa.

Makutu atafooka, mng'onoyo anayamba kuthandiza. Poyamba ankawabwerezera zimene kasitomala wanena. Kenako anasiya kubwereza, n'kumangoyankha yekha. Chilimwe china anasunthira benchi ya akulu ake kuseri kosalalitsira matabwa, ati kutsogolo kwachuluka fumbi. Kuyambira pamenepo wobwera ndi ntchito ankathera pakhomo. A Bwerezani, eni shedi, ankaiona ntchito itagwirizanidwa kale, matabwa atadulidwa.

Namwino wa makutu anafika mkati mwa dzinja, nsapato zili matope okhaokha. Ankakonza mafunso oti azidzafunsa kuchipatala, ofuna kudziwa mmene kugontha kumasokonezera macheza a munthu ndi anzake. Ananena yekha kuti mafunsowo akadali aawisi, n'chifukwa chake ankawayesa kaye pa anthu a m'mashedi ndi m'zigayo. Ankawerenga funso akuyang'ana munthu kumaso, n'kudikira.

"Kodi mumapita kumisonkhano ndi kumacheza?"

"Ndimapita, asisteri," anatero a Bwerezani. "Ndimakakhala ngati chitsa, n'kubwerako."

Namwino anafufuta funsolo n'kulemba lina: mukapita, mumalankhulako? A Bwerezani anamuuza kuti afunsenso ngati munthu amaseka chifukwa choti waona ena akuseka. Analemba.

Mafunsowo anali ndi gawo lachiwiri, loti ayankhe wachibale. Mng'ono uja anasiya nyundo msangamsanga.

"Achimwenewa musavutike nawo, asisteri. Chibadwire sakonda anthu. Makasitomala amawaopa. Kuseriko anachita kupempha okha."

A Bwerezani anali pomwepo, atatsamira benchi. Anaona pakamwa pa mng'ono wawo pakuyenda, nkhope ili yachifundo, ndipo iwo anamwetulira n'kugwedeza mutu. Namwino atapita, bambo wopaka vanishi pamipando m'shedimo anawakokera pambali n'kuwauza zonse m'khutu lakumanzere, lomwe likadagwirako ntchito.

A Bwerezani sanakalipe. Mkwiyo wawo anauyanika pamthunzi ngati thabwa lofuna kudzapangira chinthu cholimba.

Dzinja linatha, kuzizira kunabwera, guluu n'kumachedwa kugwira. Kuseri kuli ubwino umodzi: munthu umaona zonse iwe osaonedwa. A Bwerezani anaona mng'ono wawo akupendeketsa mutu kasitomala akamalankhula. Anaona wailesi ikukwezedwa mpaka wavanishi kukwinya nkhope. Mng'onoyo kukwaya anasiya, ati chifuwa. Kokaonera mpira ndi anzake anasiya, ati timu yafooka. Mlamu wawo, mkazi wa mng'onoyo, akabweretsa tiyi n'kuitana chakumbuyo, mwamuna sankacheuka. Njira imeneyo a Bwerezani ankaidziwa ndi mapazi. Makina anali omwe aja, ndipo tsopano woima pambali pake tsiku lonse anali mng'ono. A Bwerezani akanatha kumuuza kuti azitseka m'makutu. Anangopitiriza kusalalitsa matabwa.

Namwino anabweranso dzuwa litayamba kuswa mtengo, mphepo ikuulutsa utuchi m'maso. Mafunso anali atakhwima, koma ankafuna anthu atsopano oti awayesepo komaliza.

"Mufunseni uyu," anatero a Bwerezani, akuloza mng'ono wawo ndi chala chonse.

"Ine? Achimwene, dzuwa lakulowani m'mutu? Ine ndimamva ndi msomali ukagwa mu utuchi."

"Ndiye ukuopa chiyani, iwe?"

"Ndani akuopa? Asisteri, ndiyeseni pompano, anthu aone."

Namwino anati angachitire pambali, koma mng'onoyo anakana. Mlamu anali pomwepo ndi ketulo, wavanishi ali ndi burashi m'manja. Namwino anaima kumbuyo kwake, n'kumuuza kuti abwereze mawu amene anong'one. Ananong'ona. Ananong'onanso, mokwezako pang'ono. Mng'onoyo anaima chilili, manja m'chiuno, akumwetulira.

"Yambanitu, asisteri, ntchito ikundidikira."

Wavanishi anayang'ana burashi yake. Mlamu anatsitsa ketulo pansi.

Gawo loyamba mng'onoyo analiyankha mwachidule, nkhope itagwa: ayi, ayi, mwa apo ndi apo. Pa gawo lachiwiri namwino anayang'ana mlamu, koma mlamu anati za amuna awo sayankha pagulu.

"Wachibale ndilipo," anatero a Bwerezani. "Ndinamubereka kumsana ameneyu."

Namwino anali atasintha kachitidwe kake. Kuchokera tsiku lija anaona kuti si bwino wachibale kuyankha mwini wake ali pomwepo, choncho anatengera a Bwerezani kuseri. Koma khoma la kuseri ndi lata limodzi lokha. Munthu wogontha kawirikawiri sadziwa kukula kwa mawu ake. Tsiku limenelo a Bwerezani ankadziwa bwino lomwe.

"Kodi m'bale wanu wasiya kupita kumene ankapita kale?"

"Wasiya! Kukwaya ati chifuwa. Mwamumvapo akutsokomola, asisteri? Anamuchotsa pamzere wakutsogolo chifukwa ankayamba nyimbo anzake atamaliza!"

"Tsitsani mawu pang'ono, bambo."

"Mwati bwanji? Bwerezani!"

Namwino anapumira m'mwamba n'kuwerenga lotsatira. "Kodi amaseka chifukwa choti waona ena akuseka?"

"Funso langa limenelo! Amaseka, asisteri, koma mochedwa ngati basi ya kumudzi. Tsiku lina kasitomala ankanena za maliro a mayi ake, uyu n'kumuyankha ndi mano onse pamtunda!"

Kutsogolo wavanishi analephera kupirira, anaphulika. Mlamu anabisa pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. M'shedi monse munthu mmodzi yekha ndiye sankamva zonenedwa kuseri. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana wavanishi, ndipo poopa kutsalira nayenso anaseka. Apo wavanishi anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

A Bwerezani anayankha mafunso onse mpaka lomaliza. Sananame ngakhale pamodzi. Atatuluka, namwino anauza abale awiriwo kuti abwere kuchipatala akayezedwe bwino, ndiponso kuti asayatsenso makina osatseka m'makutu. Nkhope yake sinali yosangalala. Mlamu anakokera mwamuna wake panja, n'kuyamba kumufotokozera pafupi ndi khutu. Kumwetulira kwa mwamunayo kunachoka pang'onopang'ono.

Nthawi yomweyo pakhomo panafika mayi wina atasenza mpando wothyoka mwendo. Anayang'ana mng'onoyo monga ankachitira makasitomala onse, koma iye anali atayang'ana pansi.

"Bweretsani kuno, mayi," anatero a Bwerezani, ataima pakati pa khomo. "Lankhulani mokweza. Shedi ino tonse ndife amodzimodzi."

Anautembenuza mpandowo, anachotsa mwendo wothyoka, n'kupala wina kuchokera ku thabwa louma. Anapaka guluu, analowetsa, anamenya ndi nyundo. Kenako anauimika pasimenti n'kuukankha ndi dzanja. Sunagwedere.