Mapedulo M'thumba Mwanga

Njinga yopinda ija anandisiyira alamu anga a ku Lusaka. Mapedulo ake ndi opepuka ngati supuni, ndipo ukakoka kamphete amazuka, n'kuwaponya m'thumba. Alamu anati n'zopewera akuba. Ine ndinawapezera ntchito ina.

Kwathu kuno ku Sinda njinga sitimanana, wobwereka umangomupatsa. Ndiye ndinkati ndikangofika pakhomo, mapedulo m'thumba.

Tsiku lina m'mawa kunabwera a Tembo, oyandikana nawo nyumba, atavala jekete la kutchalitchi. Ankafuna kukaona akazi awo kuchipatala, ulendo wa maola awiri wapansi.

"Pepani a Tembo, mapedulo anatayika," ndinatero, dzanja litafinya thumba kuti asamveke kugundana.

Anaiyang'ana njinga ija n'kupukusa mutu. "Zachisoni, njinga yabwinobwino." Ananyamuka wapansi, kadengu ka chakudya kali m'manja.

Patapita masiku atatu anabweranso ndi mapedulo awiri adzimbiri, omangidwa ndi mphira. Anachita kumasula pa njinga yawo yakale yothyoka.

"Yesani awa, achimwene, musamavutike kuyenda pansi."

Ndinalandira ndi manja awiri. Tinayesa limodzi, ine ndikudziwa bwino kuti salowa, mpaka thukuta kumaso.

Papita miyezi iwiri tsopano. Mapedulo anga ali pansi pa matiresi, ndipo kumsika ndimapita wapansi, chifukwa khomo la a Tembo linayang'anizana ndi langa. Dzulo anandiuza kuti ndisataye mtima, akundifunsirabe m'masitolo a ku Katete.