Laputopu Yotupa ya Tadala

Kwathu ku Bangwe amanditenga ngati katswiri wa makompyuta, chifukwa ndinakhalako ku koleji asanandithamangitse. Ndiye mlongo wanga Tadala atasankhidwa kukaphunzira sayansi, amayi anagulitsa mashini awo osokera n'kundituma ku Limbe kukamusankhira laputopu.

Wogulitsayo anandipatsa mpando n'kumanditchula kuti "bwana injiniya". Ndinaona ndithu kuti laputopuyo inali yotupa kunsi, moti inkagwedera patebulo. Koma injiniya safunsa mafunso. Ndinaigogoda ngati chivwende, n'kugwedeza mutu, n'kulipira.

Pambuyo pake mnzanga wokonza mafoni anandiuza kuti batire likatupa choncho, tsiku lina limabuka moto.

Lero Tadala waimba. "Achimwene, makina anu aja akumatentha, komanso akunenepa ngati ali ndi pakati."

"Ndi mphamvu zimenezo," ndinayankha modekha. "Sayansi ndi yolemera."

"Chabwino. Kuhositelo kuno kuli akuba, ndiye laputopuyo ndikumagona nayo kunsi kwa pilo."

Ndinati ndimuimbiranso. Mayunitsi ndili nawo, foni ili m'manjamu, kunja kwayamba kuda. Koma amayi akadali pakhondepa, akuuza aneba kuti mwana wawo katswiri uja anasankha yekha laputopuyo, osafunsa munthu.