Tsiku Limene a Pol Analowa M'holo

Zaka makumi atatu ndi zinayi a Pol Vermeiren anagwira ntchito yosunga majasi pakhomo la holo ya zoimbaimba mumzinda wa Ghent. Anthu akamalowa, iwo ankalandira majasi onyowa ndi maambulera, n'kupatsa aliyense kanambala. Zitseko zikatsekedwa ankakhala pakampando kawo n'kumadya buledi ndi tchizi, nyimbo zikumveka patalipatali ngati za kunyumba kwa eni. Ankadziwa jasi la dokotala aliyense mumzindamo, koma m'holomo anali asanakhalemo pansi ndi tsiku limodzi lomwe.

Akazi awo, a Godelieve, ankasita zovala kuchipatala. Ali mtsikana ankaimba kwaya, ndipo chaka ndi chaka ankapempha chinthu chimodzi.

"Mudzanditengeko tsiku lina, bambo, ndikamve nawo."

"Kumeneko n'kwa anthu a mataye, mayi. Ndikadzapuma ntchito tidzapita."

Anapumadi, koma zaka zina zinayi zinathera pa kuweta nkhunda za mpikisano wouluka. Uku makutu a akazi awo anali akugontha pang'onopang'ono. Tsiku limene dokotala ananena kuti khutu lakumanzere latheratu, a Pol chakudya chinawakanika. M'mawa mwake anakagula matikiti awiri a Loweruka masana.

Lowerukalo kunacha ndi mvumbi.

"Tikhale, bambo, tidzapita kukadzawala," anatero a Godelieve ali pawindo.

"Mawu amenewo ndi anga, musandilande. Valani nsapato."

A Pol anafuna kuti tsikulo likhale lathunthu, ayende ngati alendo mumzinda wawo womwe. Anakwera nsanja ya mabelu, imene a Godelieve ankangoiyang'ana ali pansi moyo wawo wonse, koma pamwamba anapeza nkhungu yokhayokha. Boti loyendetsa alendo m'ngalande silinayende tsikulo. Atafika pamlatho, mphepo inapindira ambulera kumwamba n'kuithyola nthiti, a Godelieve n'kuseka mpaka misozi.

"Munthu wosunga maambulera a mzinda wonse, yanu n'kukhala imeneyi?"

Anakausa mvula m'tchalitchi, n'kupeza mayi wina akuimba limba lalikulu. Limbalo likamatsitsa mawu, benchi linkanjenjemera. A Godelieve anayala zikhato zonse ziwiri pathabwa, natsinzina.

"Iyi ndikuimva!" anatero mokweza. "Ikudzera m'mafupa."

"Tiyeni, tichedwa. Zenizeni zili kutsogoloku." A Pol anawadzutsa nyimbo isanathe.

Pakhomo la holo anapeza a Rik, mnzawo wakale wa pantchito.

"Aa, bwana Pol! Lero mwadzera khomo la mabwana? Jasi lonyowali ndilikoloweke pati, pa madokotala?"

"Koloweka, iwe, pakamwa pachepe."

Oimba anali anayi okha, onse a zoimbira za zingwe, ndipo nyimbo yake inali yofewa, yopyapyala ngati ulusi. A Godelieve anaweramira kutsogolo atatchera khutu lakumanja, kachipangizo kawo ka m'khutu kothandiza kumva kakungolira tswii. Chapakati pa nyimbo oimba anaima pang'ono. A Godelieve ataona kuti manja a oimba aima anayesa yatha, n'kuyamba kuwomba m'manja okhaokha, mwamphamvu, nkhope ili ngwee. Mitu inatembenuka. Loya wina, amene a Pol anamusungira jasi zaka makumi awiri, anawasuzumira pamwamba pa magalasi.

"Mukundichititsa manyazi!" a Pol ananong'ona ataluma mano, n'kuwafinya mkono.

Mawuwo mwina a Godelieve sanawamve, koma nkhope anaiona. Anapinda manja pamiyendo. Ngakhale pamapeto, holo yonse itaimirira, sanawombenso.

Pobwerera anakwera sitima ya m'misewu, madzi akuyenderera pamagalasi. Atadutsa masiteshoni atatu, a Godelieve anafunsa: "Inali yokoma?"

"Kwambiri."

"Tandiimbirani pang'ono, kukhutu labwinoli."

A Pol anayesa kuikumbukira nyimboyo. Ola lonse lija maso awo anali pa nkhope za anthu, kuopa kuti wina awazindikira. Nyimbo ija sanaimve ngakhale pang'ono.

"Pakhosi pandiuma," anatero.

Miyezi inadutsa a Pol akufuna kupepesa. Vuto linali loti pofika nthawiyo kulankhula ndi akazi awo kunkafunika kufuula, ndipo makoma a nyumba yawo anali opyapyala. Tsiku lina analemba mawu atatu kuseri kwa envelopu, "Ndinalakwa, mayi, pepani," n'kuisiya pafupi ndi kapu ya khofi. A Godelieve anavala magalasi, nawerenga kawiri.

"Mwalakwanso chiyani, bambo?"

A Pol anatola cholembera kuti afotokoze, koma akazi awo anali atapinda kale envelopuyo n'kuilonga m'thumba la epuloni.

"Zisiyeni. Tengani mpeni musende mbatata."

Anasenda. A Godelieve anamwalira nyengo yozizira isanathe, ndipo nkhaniyo sanaikambenso.